Malangizo akale anandisocheretsa

Abale anga, dzulo ndinathera tsiku lonse ku Matero mu Lusaka ndikulimbana ndi kompyuta yakale ya alamu anga, ya mtundu wotchedwa 32-bit. Malangizo amene ndinkatsatira, olembedwa ndi anthu ongodzipereka, ankati ndiikemo Debian (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse) yatsopano ya i386, ndiye kuti ya makina a 32-bit. Ndinasakasaka mpaka mutu kuwawa. Kenako ndinazindikira kuti Debian 13, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, ilibenso installer (pulogalamu yoiikira m'kompyuta) ya makina amenewa, koma palibe anakonza malangizowo.

Zandikhudza chifukwa makompyuta oterewa ndimawaonabe kuno, ana akuphunzirirapo kutaipa. Usiku womwewo ndinalemba ndime yonena kuti pa makinawa muike Debian 12, imene ili ndi installer ya makinawa, ndipo ndatumiza kwa osamalira malangizowo. Muli ndi kompyuta yakale ku Chilenje kapena Kabwata? Ndibwerekeni Loweruka ndiyeserepo.