Agogo a pa benchi ku Harare

Abale, lero ndawerenga za kafukufuku wa ku Zimbabwe ndipo wandikhudza kwambiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu opsinjika mtima, atakhala nawo pa benchi panja pa chipatala. Ashona vutoli amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri.

Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa amene anacheza ndi agogowo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matendawa. Mwa amene sanakhale pa benchi, anali theka lathunthu.

Ndakumbukira mnzanga wa kuntchito amene anangoyamba kukhala duu, kujombajomba, ife n'kumati ndi ulesi. Palibe anamufunsa chomwe chikumudya. Madzulo ano ndimuimbira foni.