Zikomo nonse amene munagwirana manja pa mng'ono wanga

Abale anga, mwana wa mng'ono wanga wakwanitsa chaka sabata yathayi ndipo mayi ake sanalawenso kachasu chibadwire mwanayu, ndiye ndati ndithokoze pagulu. Mwini wake wandilola kulemba bola ndisatchule dzina lake ndi mudzi, inunso amene mukumudziwa chonde musamutchule.

Kwathu ndi kunyanja mbali ya ku Chia kuno ku Nkhotakota. Amayi athu akhala akutcheza kachasu kuyambira tili ana, fizi yathu inkachokera mmenemo, ndiye mng'ono wangayu anayamba ndi kulawa pothandiza kugulitsa, kenako masacheti aja, boma litawaletsa mu 2015 kunabwera timabotolo totchipa, iye osaima. Potenga mimba anali akumwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi chamba chomwe pamodzi ndi alamu, paja kuno chamba sichisowa. Mimbayo anaibisa mpaka inaonekera yokha chifukwa ankaopa kuti kusikelo anesi akamva fungo amuyalutsa pamaso pa azimayi anzake.

Woyamba kumuthokoza ndi mlangizi wa zaumoyo wa mdera lathu. Mayi inu Mulungu akudalitseni. Thandizo linalipo kale, sikelo ilipo, a social welfare ali kuboma, a victim support ali kupolisi, mpingo ulipo, amfumu alipo, koma aliyense ali ndi buku lake ndipo sadziwa zomwe mnzake wachita. Munthu woti mutu wake uli ku botolo mumuuze mawa upite uku mkuja upite uko, aliyense akakufunse nkhani yako kuyambira pachiyambi, sangapite, amathera panjira. Inu munatenga chingwe chonse mmanja mwanu. Munapanga kagulupu ka WhatsApp ka anthu ochepa, inu, azamba, ine ndi mayi mmodzi wa kumpingo amene mng'ono wanga anasankha yekha, ndipo munamufunsa kaye zomwe akulola kuti zikambidwe mmenemo. Akajomba deti la sikelo tinkadziwa tsiku lomwelo osati pakutha pa mwezi, ndipo mmawa mwake mwafika kale pa njinga yanu ija, osakalipa, kungofunsa kuti dzulo chinavuta ndi chani.

Azamba athu, zikomo posamunyoza. Munamukhazika pambali nkumuuza chilungamo, kuti mowa umene iye wamwa umafika kwa mwana kudzera pamchombo, kachiwindi ka mwana sikangathe kuuchotsa, umatha kuononga ubongo ndipo zina zimadzaonekera mwana atayamba sukulu, palibenso mlingo woti uwu ndi wabwino kwa mayi woyembekezera. Koma chimene chinatipulumutsa kwambiri ndi chenjezo lija. Ife pabanja tinali titapangana zomutsekera mnyumba kuti asiye lero lomwe, inu munakana, munati munthu amene thupi linazolowera kumwa tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ena mpaka kugwa ngati khunyu, ndipo ndi mimba zimenezo nzoopsa kwa onse awiri. Munalemba mbuku lake la chipatala nkumutumiza kwa adokotala oona za maganizo kuboma, anasiyira mmanja mwa achipatala. Masiku ano amati sikelo ndi maulendo 8, iye anayamba mochedwa sanakwanitse onse koma Fansidar, mapilitsi a magazi ndi neti analandira.

Kwa amayi anga ondibereka, ndikudziwa wina akuwerengerani izi. Inu ndi amene munataya zambiri. Alangizi atanena kuti mwana wanuyu sangachire fungo la kachasu lili kuseri kwa nyumba munakwiya, munati ndiye tidya chani, ndipo funsolo linali loona, anthu amathamangira kunyoza azimayi otcheza osafunsa kuti sopo azigula ndi chani. Komabe munazimitsa moto. Azimayi a banki mkhonde zikomo powakongoza mpamba osawavutitsa, pano akugula mpunga nthawi yokolola nkumagulitsa pamsewu wa M5, phindu lake silifika pa la kachasu, tisanamizane, koma pakhomo pali bata.

Alamu anavuta. Ankati chamba boma linaloleza, mpaka apolisi a victim support anawafotokozera kuti lamulo la 2020 lija ndi la olima ndi laisensi, cha mankhwala ndi cha mafakitale, osati chosuta, ndipo utsi wake sufunika pafupi ndi mayi wapakati kapena woyamwitsa. Amfumu zikomo poitanitsa ankhoswe a mbali zonse, nkhani yoti alamu ankamenya mkazi wawo inathera pomwepo. Sanasiye zonse koma mnyumba sasutiramonso, ndipo tsiku lopita kuchidikiro ndi iwo analipira kabaza.

A social welfare zikomo pobwera kudzaona pakhomo ndi maso anu. Achipatala cha pa foni, usiku wina mng'ono wanga akumva kupweteka mmimba tinaimba ulere ndipo munatiuza kuti tisadikire kuche.

Amene munkanena kudambwe ndi kuchigayo kuti abereka chidakwa chinzake, mawu anu ankamufika, ndipo tsiku lina anabwerera ku botolo chifukwa cha zomwezo. Atagwa choncho gulu lija silinamuthawe, anangoyambiranso. Enanso munkati pemphero lokha likwanira asapite kuchipatala, ife tinapemphera ndithu koma pa kabaza tinakweranso.

Mwana anabadwa wochepa thupi, anakhala pa kangaroo, pachifuwa pa mayi ake usana ndi usiku ine ndi amayi tikulandirana. Pano akuimirira chogwira mpando, sikelo ya ana sajomba ndipo anesi anati tizimuyang'anira kayankhulidwe ndi kakulidwe mpaka adzayambe sukulu. Alangizi akubwerabe, mwezi uno anabwera ndi mtsikana wina woyembekezera wa mudzi woyandikana kuti acheze ndi mng'ono wanga.

Loweruka tikuphika mpunga ndi chambo kunyumba kwa amayi, onse ndatchulawa mubwere. Chakumwa ndi thobwa ndi Sobo basi, wobwera ndi kabotolo kake mthumba abwerera pampanda.