Maikolofoni awiri, oimba asanu

Lolemba mpaka Lachinayi zinali za masiku onse: kuyeseza ku Matero, kusintha nsambo, kuwotcherera zingwe zitatu za maikolofoni (XLR) zimene zinaduka. Gulu limene ndimaligwirira ntchito ya saundi ndi la amdala asanu, banjo imodzi, magitala awiri opanda magetsi, babatoni (besi yaikulu ya nsambo yokhala ndi chikopa ngati ng'oma) ndi chisekese. Amaimba motsata njira ya Alick Nkhata, uja ankamveka pa Central African Broadcasting Service muno mu Lusaka m'ma 1950, mawu atatu ogwirizana ngati country, ndipo amatsiriza ndi kalindula wa ku Luapula.

Chandikwiyitsa ndi Loweruka. Tinagwirizana ndi abwana a malo ena ku Kabwata kuti pakhale maikolofoni asanu ndi atatu. Tinapeza awiri. Akuti, "Si banjo chabe iyi? Imamveka yokha." Maganizo amenewa ndi amene akupha nyimbo zamtunduwu. Gulu la makiyibodi umangolumikiza zingwe ku mikisa basi. Kwa amdalawa chida chilichonse chimafuna maikolofoni akeake: maikolofoni ya SM57 masentimita 15 kuchokera pa chikopa cha banjo, mopendeka pang'ono kuti zala zisamveke kukhwakhwaza, ina ya kick drum (ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi) pansi pa babatoni, apo ayi mawu ake akulu aja amathera pa siteji pomwepo.

Amdalawa ndinawaimika mozungulira condenser yanga imodzi (maikolofoni yogwira mawu ngakhale patali), wa banjo kumbuyo chifukwa ndiye waphokoso, magitala pafupi. Maikolofoni awiri aja ndinapatsa babatoni ndi woimba wamkulu. Monitor, sipika yodzimvera oimba, ndinazimitsa, chifukwa condenser ikayang'anizana ndi sipika, mluzu uja suchedwa.

Cha m'ma 19:00 magetsi anapita. Jenereta ya 2.5 kVA, yomweyo ikukoka mafiriji anayi a mowa. Firiji ikangoyamba, mphamvu imatsika, mikisa ya digito imazima n'kuyambiranso, mphamvu ya 48V yoyendetsa condenser imapita nayo limodzi. Masekondi angapo anthu akungoona milomo ikuyenda. Zinachitika kanayi. Nditapempha kuti azimitse mafiriji awiri kwa ola limodzi, yankho linali loti makasitomala safuna mowa wotentha.

Ndiye kuzizira kwa Julayi. Chinyezi cha usiku chinafewetsa chikopa cha babatoni, mawu n'kuyamba kumveka ngati munthu akumenya katoni. Amdala ake sanadandaule. Anabwereka mbaula kwa mayi wowotcha michopo panja, anayandikiza chikopa ku makala akuchitembenuza, akuchigogoda ndi chala chachikulu mpaka chinalira bwino. Izi EQ, yosinthira kamvekedwe ka mawu pa mikisa, siingakonze.

Nyimbo zomaliza tinaimba popanda zokuzira mawu, anthu atasendeza mipando pafupi. Abwana aja anadula ndalama akuti saundi inali yoipa.

Lamlungu ndinangopukuta zida. Pa pepala la mgwirizano ndawonjezapo mizere iwiri: chiwerengero cha maikolofoni, ndi soketi ya mikisa yosagawana ndi firiji. Theka la ndalama lizibwera tisanakweze katundu m'galimoto.