Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kachubu ka aluminiyamu

Atandisamutsira ku labotale yoyeza mafuta a ndege, anandiika pa makina otchedwa JFTOT, oyeza ngati mafuta amapirira kutentha osawonongeka. Wondiphunzitsa anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ndipo tsiku loyambalo anandiuza zimene sindinaiwale mpaka lero: mafuta a ndege a mtundu wa Jet A-1 asanafike koyakira, amayamba aziziritsa oilo wa injini. Motero amafika atatentha kale.

Vuto limayambira pomwepo. M'mafutamo mumakhala okosijeni wosungunuka, ndipo kutentha kukafika cha m'ma digiri 150, okosijeniyo amayamba kuwononga mafutawo. Pamabadwa utomoni womata umene umauma n'kusanduka makala m'timabowo topopera mafuta mu injini. Kabowo kakatsekeka mbali imodzi, moto umapendekera kwina n'kumawotcha zipsepse za tebaini, gawo lozungulira la injini.

Ntchito yanga inali kuyendetsa mafuta pa kachubu ka aluminiyamu kotenthetsedwa mpaka madigiri 260, kwa maola awiri ndi theka, kenako n'kudutsa pa sefa. Ndikamaliza ndinkakachotsa mosamala kwambiri, osakhudza pakati pake, chifukwa ngakhale thukuta la chala limasokoneza zotsatira. Ndinkakaika m'kabokosi kowala n'kuyerekeza mtundu umene utomoni uja wasiya pakachubupo ndi mlingo woyambira 0 mpaka 4. Mtundu ukafika pa 3, mafuta alephera. Amalepheranso ngati pakachubupo paoneka mawanga onyezimira ngati nthenga za pikoko.

Tsiku lina anabweretsa mafuta oyera mbee, amene anali atapambana mayeso ena onse. Kachubu kanatuluka kofiirira. Eni mafutawo anaimba foni akukalipa kuti makina athu ndi owonongeka, ndege zikudikira. Bambo aja anangoti, "Mwanangu, bwerezani, koma musafulumire." Ndinabwereza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Bambo aja anakana kusaina kuti mafutawo apambana, ndipo ine ulemu wanga pa iwo unakula tsiku limenelo, poti amene ankawakakamizawo anali akuluakulu kuposa iwo.

Pofufuza anapeza kuti pa paipi ina panaikidwa vavu yamkuwa. Mkuwa ukasungunukira m'mafuta, ngakhale pang'ono zedi posaoneka ndi maso, umafulumizitsa kwambiri kuwonongeka kuja. N'chifukwa chake m'mapaipi a mafuta a ndege salolamo mkuwa. Vavuyo anaichotsa, ndipo thanki yonse inatsekedwa kufikira mafuta ake atayezedwanso.