Utoto wa Gram: zimene umaonetsa ndi zimene sungaonetse

Mwa njira zonse zoyezera matenda m'labotale, imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi yakalekale, yotchedwa utoto wa Gram, yopaka utoto pa kagalasi kuti mabakiteriya aoneke pa maikulosikopu. Wodwala akafika thupi likutentha, mutu ukupweteka ndiponso khosi litauma, dokotala amatenga madzi a mumsana kuti akayezedwe, koma sangadikire tsiku limodzi kapena awiri kuti tizilombo timere m'mbale zomeretsera za m'labotale, chifukwa matenda oumitsa khosi amatha kupha munthu nthawi imeneyo isanakwane. Utoto umapereka yankho loyamba ola lisanathe.

Njirayi inatulukiridwa mu 1884 ndi Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Berlin, akufufuza mapapo a anthu omwalira ndi chibayo. Masiku ano woyeza amapaka madzi a m'thupiwo pa kagalasi, kuwaumitsa, kenako n'kuthira utoto wapepo wotchedwa crystal violet. Akatero amathira ayodini amene amagwiriza utotowo, amatsuka ndi alkoholo kapena acetone kwa masekondi ochepa chabe, ndipo pomaliza amathira utoto wofiira wa safranin. Mabakiteriya okhala ndi khungu lochindikala amasunga utoto woyamba ndipo amaoneka apepo. Amenewa ndi Gram positive. Amene khungu lawo ndi lopyapyala amataya utotowo potsuka ndipo amatenga wofiira uja. Amenewa ndi Gram negative.

Mtundu wokha sukwanira. Woyeza amayang'ananso maonekedwe ndi kaunjikidwe kake, atadontheza mafuta pa kagalasi ndi kukuza chithunzi nthawi 1,000. M'madzi a mumsana, timipira tapepo tokhala tiwiritiwiri timaloza ku Streptococcus pneumoniae, pamene timipira tofiira tiwiritiwiri, tooneka ngati nyemba zoyang'anizana ndipo nthawi zambiri tili mkati mwa maselo oyera a magazi, timaloza ku Neisseria meningitidis. Kusiyana kumeneku si kwa m'buku chabe, chifukwa kachilombo kachiwirika kakapezeka, anthu amene amakhala pafupi ndi wodwalayo nawonso amafunika mankhwala owateteza. M'madzi otengedwa pa bondo lotupa, timipira tapepo tounjikana m'magulumagulu kawirikawiri timakhala Staphylococcus aureus.

Madzi a mumsana, a m'mfundo za mafupa, ozungulira mapapo ndi ozungulira matumbo sayenera kukhala ndi bakiteriya aliyense mwa munthu wathanzi, choncho chilichonse chooneka mmenemo chimatengedwa mozama. Makhololo ndi nkhani ina, popeza amadutsa m'kamwa mmene mumakhala mabakiteriya ambiri osavulaza. Kagalasi kakadzaza maselo a m'kamwa m'malo mwa maselo oyera, ndiye kuti wodwalayo analavula malovu, ndipo woyeza wanzeru amapempha makhololo ena m'malo molemba zotsatira zosokeretsa.

Pamene ndikufuna kutsindika ndi pa kutsuka kuja. Ntchito yonse imadalira masekondi amenewo. Woyeza akachedwa kuchotsa alkoholo, mabakiteriya apepo amasuluka n'kuoneka ofiira. Akafulumira, kapena akapaka madzi mochindikala, ofiira amatsala ali apepo. Mbali zonse ziwiri, dokotala amalandira uthenga wolakwika ndipo akhoza kusankha maantibayotiki osayenera. N'chifukwa chake m'malabotale osamala amayesa kaye utoto wawo pa mabakiteriya odziwika kale, monga Escherichia coli ndi Staphylococcus aureus. Ine sindigwirizana ndi amene amati iyi ndi ntchito yopepuka yoti aliyense wongoyamba kumene angaichite payekha. Zipangizo zake n'zosavuta ndithu, koma diso lodziwa kusiyanitsa bakiteriya ndi kachitsotso ka utoto limabwera ndi kuzolowera.

Chinanso chimene odwala ndi abale awo samvetsa bwino n'chakuti kusaoneka kwa tizilombo sikutanthauza kuti matenda palibe. Kuti mabakiteriya aoneke, amafunika kukhala ochuluka, masauzande ambiri pa mililita imodzi, ndipo pa chifukwa chimenechi madzi a mumsana amayamba azunguzidwa m'makina kuti tizilombo tidikhe pansi. Wodwala akakhala kuti wamwa kale maantibayotiki, mwayi woona kanthu umachepa kwambiri. Palinso mabakiteriya amene utoto wa Gram suwagwira n'komwe: Mycoplasma alibe khungu lolimba lija, ndipo Chlamydia amabisala mkati mwa maselo. Utoto sungauzenso dokotala mankhwala amene angaphe kachilomboko. Yankho limenelo limachokera pa kumeretsa tizilombo m'mbale.

Kachilombo ka chifuwa chachikulu, kamene dokotala wa ku Germany Robert Koch anakalengeza mu 1882, kali ndi khungu lamafuta lokana utoto wamba, motero kali ndi njira yakeyake ya Ziehl-Neelsen. Woyeza amathira utoto wofiira wa carbol fuchsin, amatenthetsa kagalasi mpaka nthunzi ituluke, amatsuka ndi asidi wosakaniza ndi alkoholo, kenako amathira methylene blue. Tizilombo ta TB timakana kusuluka, ndipo timaoneka ngati timizere tofiira pamalo obiriwira ngati mtambo. Koma njirayi imafuna tizilombo pakati pa 5,000 ndi 10,000 pa mililita imodzi ya makhololo, choncho imaphonya odwala ambiri, makamaka ana ndi anthu amene ali ndi HIV, ndipo m'madzi ozungulira mapapo kapena a mumsana imaphonya koposa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza makina a Xpert MTB/RIF mu 2010, amene amafufuza DNA ya kachilomboko ndi kuonetsanso ngati kakukana mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Ngakhale zili choncho, maikulosikopu sinachotsedwe ntchito: DNA imatha kupezekabe kwa miyezi tizilombo titafa kale, motero pofuna kuona ngati mankhwala a TB akugwira ntchito, makhololo amapakidwabe utoto pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi.