Sabata imene misana inachuluka m'chipinda chojambulira

Ntchito yanga ndi yojambula odwala pa makina a X-ray ndi a MRI, ndipo zithunzizo zikatuluka zimapita kwa adokotala amene anaphunzira kuziwerenga. Sabata ino kunachuluka odwala msana. Ambiri anabwera ndi pepala lolembedwa mawu awiri okha: msana ukupweteka. Pepala lotere limandimvetsa chisoni, chifukwa msana wa mlimi amene wanyamula thumba la chimanga ndi msana wa munthu amene mafupa ake akutupa m'kati sujambulidwa mofanana.

Lolemba kunabwera mnyamata wa ukalipentala, zaka zake zosafika 30, atanyamula envulopu ya zithunzi zakale za X-ray. Zonse anamuuza kuti zili bwino. Pomugoneka pa tebulo ndinamufunsa kuti, "Achimwene, msanawu umavuta kwambiri nthawi yanji, mukamagwira ntchito kapena mukagona?" Anati ukamulasa ndi usiku, cha kum'bandakucha, mpaka amadzuka n'kumayendayenda panja. M'mawa chiuno chimauma gwa, kuvala nsapato kumakhala kovuta, koma akayamba kupala matabwa thupi limamasuka. Ululu umakhala m'thako, lero lamanja, tsiku lina lamanzere. Akamwa brufen amapezako bwino. Diso lake linafiirapo n'kumawawa akayang'ana kuwala. Kwawo amamunena kuti ndi ulesi, poti masana amaoneka wamphamvu.

Msana wotopa ndi ntchito umapola ukapuma. Uwu umakula ukapuma, ndipo zikachitika mwa munthu wosafika zaka 45 kwa miyezi yoposa 3, timaganizira nyamakazi yotupitsa msana, imene madokotala amaitcha axial spondyloarthritis, ndipo ikafika poonekera pa X-ray amati ankylosing spondylitis. Kawirikawiri imayambira pansi penipeni, pamene fupa lotsiriza la msana limalumikizana ndi mafupa a chiuno mbali zonse ziwiri. Malo amenewa amatchedwa sacroiliac. Ndinamujambula chiuno, ndipo chithunzi chinatuluka choyera bwino, chopanda chodandaulitsa. Sindinadabwe. X-ray imaona fupa likadyeka, likalimba mopitirira, kapena likamatana ndi linzake, ndipo zimenezi zimatenga zaka. Kutupa kwenikweniko sikuona. Malamulo akale a mu 1984, otchedwa modified New York, ankafuna kuti kuwonongekako kuoneke kaye pa X-ray munthu asanapatsidwe dzina la matendawa. Mwa zina n'chifukwa chake ngakhale ku Britain, kumene makina ndi ochuluka, anthu akhala akudikira zaka pafupifupi 8 asanadziwe chimene chikuwadwalitsa. Mu 2009 gulu la akatswiri lotchedwa ASAS linavomereza kuti MRI, imene imaona kutupako, ikhale umboni, fupa lisanawonongeke. Ndinalemba zonse zimene mnyamatayo anandiuza kuseri kwa pepala n'kupita nalo kwa adokotala, ndipo anagwirizana ndi amene anamutumiza kuti alowe mu MRI.

Lachiwiri linapita ndi ovulala pa njinga za kabaza ndi zifuwa. Magetsi anathima masana, jenereta inatisunga.

Mnyamata uja anabweranso Lachitatu. Tisanamulowetse tinamufunsa za chitsulo chilichonse m'thupi, makamaka tizidutswa m'maso, poti amanola mipeni ya pulena pa gilayinda, ndipo MRI ndi maginito amphamvu amene sazimitsidwa. Pojambula malo a sacroiliac sitidula zithunzi molunjika ngati mmene munthu waimira. Timapendeketsa motsata fupa lapansi lija, kuti molumikizanamo muoneke monse. Timatenga mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi STIR, umene umadetsa mafuta n'kuwalitsa madzi, choncho pamene fupa latupa m'kati pamaoneka mbee pakati pa mdima. Wina ndi T1, umene umaonetsa bwino mafuta ndi m'mphepete mwa fupa, kotero umatiuza za zipsera: pamene padyeka, ndi pamene kutupa kwakale kunasiya mafuta. Jakisoni wowalitsa zithunzi sitinamubaye, pa funso ili safunika kwenikweni. Chovuta n'chakuti munthu amene matenda ake amakula akakhala phee ndi yemweyo amene tikumupempha kuti agone osagwedezeka kwa theka la ola m'makina aphokoso. Ndinamuikira pilo kunsi kwa mawondo, ndipo pakati pa zithunzi ndinkamulankhula kuti apirire pang'ono.

Tinakhala pa kompyuta ndi adokotala. Mbali zonse ziwiri, kunsi kwenikweni kwa molumikizana, fupa linali lowala pa STIR, ndipo kuwalako kunkaoneka pa zithunzi zingapo zotsatizana, osati kadontho ka pa chithunzi chimodzi. Pa T1 m'mphepete mwa fupa la chiuno munali mutayamba kudyeka. Pa zithunzi za msana, ngodya za kutsogolo za mafupa angapo zinali zowala, pamene minyewa imagwira fupa. Pa ngodya zimenezi m'pamene pambuyo pake pamamera tifupa tolumikiza fupa ndi linzake. Adokotala anangoti, "Mwana uyu wavutika nthawi yaitali." Ndinamva kupepuka mumtima, chifukwa tsopano anali ndi chinthu choti akaonetse kwawo.

Anthu ena akawerenga pa intaneti amathamangira kuyezetsa magazi a HLA-B27, chizindikiro chimene anthu ena amabadwa nacho. Kwa azungu a ku Ulaya chizindikiro chimenechi chimapezeka mwa odwala matendawa pafupifupi 9 pa 10 aliwonse, koma kwa anthu akuda a kuno kum'mwera kwa Africa n'chosowa kwambiri, ngakhale mwa odwala enieni. Magazi akatuluka opanda kanthu, nkhani sinathe. Madokotala a ku Lusaka anaonanso m'zaka za m'ma 1990 kuti nyamakazi za mtundu umenewu zinachuluka limodzi ndi HIV, mwa anthu opanda HLA-B27. Choncho kuno kuyeza HIV kumapindula kuposa kufunafuna chizindikiro chija.

Lachinayi linandikumbutsa mbali ina ya ntchitoyi, yakuti si kuwala kulikonse pa STIR kumene kuli nyamakazi. Kunabwera mayi amene anabereka miyezi yochepa yapitayo, chiuno chikumuwawa. Kutsogolo kwa molumikizana kunali kuwala pang'ono, koma fupa silinadyeke paliponse. Mimba ndi kubereka zimakoka malo amenewa, ndipo zoterezi zimaonekanso mwa othamanga ndi asilikali amene alibe matenda. Ululu wake unkakula akanyamula ndowa n'kuchepa akagona. Adokotala analemba mosamala kuti asapatsidwe dzina la matenda a moyo wonse chifukwa cha kachigamba koyera.

Masana ake kunabwera bambo wina wowonda, wotuluka thukuta usiku, miyendo itayamba kulemera. Amene anamutumiza ankaganiza za nyamakazi, poti nayenso ululu unkamudzutsa usiku. Chithunzi choyamba chitangotuluka ndinaimika kaye makina n'kuitana adokotala. Mafupa awiri oyandikana, pamene msana wa chifuwa umakumana ndi wa m'chiuno, anali atadyeka kutsogolo, lina litayamba kufwamphuka, ndipo m'mbali mwake munali thumba la mafinya lotsetsereka kunsi kwa minyewa mpaka kukanikiza mtsempha waukulu wa msana. Apa jakisoni tinabaya, ndipo khoma la thumbalo linawala mozungulira. Imeneyi ndi TB ya msana, imene Percivall Pott anaifotokoza ku London mu 1779, yomwe ikachedwa imasiya linunda kapena kupha miyendo. Kwathu kuno msana uliwonse wotupa timayamba taufunsa za TB. Nyamakazi imakonda ngodya zing'onozing'ono ndi mbali zonse ziwiri za chiuno, ndipo sipanga mafinya. TB imagwetsa fupa, imaunjika mafinya, ndipo ikagwira sacroiliac nthawi zambiri imagwira mbali imodzi. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika koposa, chifukwa mankhwala amphamvu a nyamakazi yotere, monga adalimumab ndi etanercept, amafooketsa chitetezo chimene chimatsekereza TB m'thupi. Kuwapereka kwa bambo ngati uyu kungakhale kumupha. Sanabwerere kunyumba tsiku limenelo, anamugoneka kuwodi.

Ndimadziwa kuti anthu ambiri a msana wotere sadzafika pa MRI. Makina a MRI a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anabwera mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo mpaka lero makina oterewa m'dziko muno ndi owerengeka, mtengo wake m'zipatala zolipira ndi woti mlimi sangaukwanitse. Koma mafunso amene ndinafunsa kalipentala uja safuna magetsi. Kilinikala wa pa chipatala chaching'ono akhoza kufunsa nthawi imene ululu umabwera, kutalika kwa kuuma kwa m'mawa, za diso lofiira, za zigamba zoyoyoka pakhungu, za kutsegula m'mimba kosatha, za chidendene chotupa. Akalemba zimenezo pa pepala, ife timadziwa pojambula, ndipo malo ochepa a mu MRI amapita kwa woyenera.

Lachisanu anabweretsa agogo aamuna pa machira. Anaterereka kubafa, kugwa kwake kosaopsa, koma khosi linkawawawa kwambiri. Mwana wawo anati akhala owerama kwa zaka zambiri, moti poyang'ana munthu amatembenuka thupi lonse. Mutu wawo sunkafika pa tebulo. Anyamata onyamula machira ankafuna kuwawongola kuti agone chagada bwinobwino, ndipo ndinawaletsa mwamsanga. Msana umene wamatana wonse umaoneka ngati nsungwi pa X-ray, wolimba kunja koma wofooka m'kati, ndipo umathyoka ndi kugwa kochepa. Kuuwongola mokakamiza kukhoza kusuntha pothyokapo n'kudula mtsempha. Tinawaunjikira mapilo kunsi kwa mutu ndi mapewa mpaka anagona monga mmene thupi lawo linazolowera. "Agogo, musadzikakamize, ife ndi amene titsate msana wanu," ndinawauza.

X-ray inaonetsa mafupa omatana kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi, malo a sacroiliac atatsekeka osaonekanso mpata, koma kunsi kwa khosi kunabisika ndi mapewa. Pa msana wotere X-ray yosaonetsa kuthyoka siikhulupirika, choncho adokotala analamula CT, makina ojambula fupa m'zigawo zopyapyala, nthawi yomweyo. Mng'alu unapezeka kunsi kwa khosi, wodutsa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Manja ndi miyendo zinali zikugwirabe ntchito. Tinaitana madokotala a mafupa, ndipo ndinawaperekeza agogowo mpaka kuwodi, nditagwira mapilo aja kuti asasunthe panjira. Mwana wawo anandifunsa dzina la matendawa, ndipo ndinamulembera pa kapepala. Anati aka n'koyamba kulimva, ngakhale bambo ake anayamba kudandaula msana iye asanabadwe.