Nkhani ya zala sikisi ija, imveni kwa mwini wake

Ndamva kuti ena mwayamba kale kundiitana Zala Sikisi, ndiye bola ndifotokoze ndekha isanafike kwa apongozi itathiridwa tsabola.

Choyamba, vidiyo ija ya mkulu woyimba gitala ndinajambula ndili kumbuyo kwenikweni, ku Bwandilo, usiku, pa foni yanga yong'aluka galasi ija, kutsogolo kwanga kuli chimkulu china chikuvina ngati chalowedwa linthumbu mu thalauza. Ndiye musamayankhule ngati ndinali ndi kamera ya pa TV. Mkulu wa gitala uja anamenya nyimbo ina yofatsa, nsambo zikulira ngati mabelu, ine mumtima ndinangoti imeneyi ndikaiphulitsa pa chinkhoswe cha mlamu wanga basi.

Kiyi sinandivute, khutu ndili nalo ine, inali B flat. Makodi anayi okha, B flat, F, G minor ndi E flat, kumangozungulira pomwepo. Ndinagwira B flat wa pa freti yoyamba (mafreti ndi timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala), zinagwirizana koma kukoma kunalibe, ngati nsima yodyera mchere. Ndinakwera pa freti 6, chimodzimodzi. Makodi ndi omwewo koma ake amalira, anga amangotsokomola.

Ndiye ndinati ndione dzanja lake bwinobwino. Ndinaimitsa vidiyo, kukulitsa chithunzi mpaka kusanduka phala, nkuyamba kuwerenga. Pa freti 3 pali chala chimodzi chagona nsambo zonse, chowongoka ngati msomali, nyimbo yonse osagwedezeka. Kutsogolo kwake ziwiri zagwira nsambo zonenepa zija ngati mmene timagwirira G, ndipo ziwiri zina zakakamira pa tinsambo tiwiri tating'ono pa freti 6, kodi ikasintha izo sizisuntha, zimangoyenda ndi ziwiri zinzakezo. Zakwana zisanu. Kenako pamwamba pa khosi la gitala ndikuona chala chachikulu chikusuzumira.

Amwene ndinawerenga kakhumi. Ndinawerenga ndi zala zanga, zinandithera. Ndinadzutsa mayi a kunyumba cha m'ma 1 koloko usiku kuti tawerengani nanu, iwo anangoyang'ana kamodzi nkuti "bambo ake mwana, mawa kuli ntchito" nkufundanso.

Sabata ziwiri ndakhala ndikulimbana nayo. Chamkombaphala ndagoneka pa 3, zitatu zotsalazo zikufunika zigwire ntchito ya zinayi, kachala kakang'ono kakukoka mpaka mtsempha wa m'khosi. Ndinayesa chibwano. Ndinayesa kupinda chala chachikulu kudutsa pansi, dzanja linakana kubwerera mwakale kwa mphindi zingapo ndipo ndinadya nsima ndili chikhwinyate ngati nkhanu. Mapeto ake ndinabwereka chala kwa mwana wanga wa sitandade 2, ndinamuimika pambali kuti iwe ukangomva ndati "pano" udinde apa. Ndipo zinalira! Kamodzi kokha, koma zinalira ndendende ngati za mkulu uja, ine misozi mbwee, mwana nkuti adadi ndalipidwa bwanji. Anandidya K500.

Apa mpamene ndinalakwitsa, ndivomere. Ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti ndatulukira chinsinsi, mkuluyu ali ndi zala sikisi kumanzere. Koma nanunso musadziyeretse, atatu mwa inu munayankha kuti "zoona, ndinamvapo", ndipo wina anati nzokhwimira. Mauthenga ndikadali nawo.

Loweruka linalo ndinakwera minibasi kuchoka ku 25 mwachangu kuti ndikapeze malo akutsogolo ku Bwandilo kuja. Mkulu wa gitala uja atapumira ndinapita kukapereka moni. Anandipatsa dzanja lamanja, ine ndaligwira koma maso ali kumanzere, komwe linali m'thumba. Ndinati eee akubisa. Ndinagwirabe dzanja lija osalisiya, moni watha, za kunyumba tafunsana, za mvula takamba, ine gwa. Kenako ndinanong'ona mwaulemu wonse kuti "achimwene pepanitu, sindikunyozani, chilengedwe ncha Mulungu, koma ndingaoneko linalo?"

Analitulutsa. Ndinaligwira ngati namwino wa kusikelo nkuwerenga mokweza, pamaso pa woyimba ng'oma ndi atsikana awiri ogulitsa mowa. Zisanu. Ndinalitembenuza kuti mwina china chili kuseri. Ndinayang'ana ngati pali chipsera. Nditawaonetsa vidiyo anaseka mpaka kukhala pa sipika, kenako anapisa m'thumba la malaya nkutulutsa bolopeni ya Bic yothera inki ndi mphira wa chubu cha njinga. Kapo yawo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pa freti imodzi, akuti inasowa ku ukwati wina, ndiye amangomanga bolopeniyo pa freti 3, nkumagwira G, D, E minor ndi C wamba, gitala nkumatulutsa B flat, F, G minor ndi E flat. Mabelu aja ndi nsambo zosagwidwa zija plus tiwiri tosasunthato. Basi. Zomwe mwana wa kwaya amadziwa.

Komabe tanenani chilungamo, bolopeni yake inali yotuwa ndi thukuta, mumdima, ndani akanadziwa? Ndipo makodi onse anayi ndinawapeza ndi khutu langa, palibe amene akuyamikira zimenezo.

Kapo yeniyeni ndili nayotu kunyumba, ndinagula kalekale, mayi a kunyumba amatsekera paketi ya shuga. Chinkhoswe chija anaitana DJ.